Chifuwa cha amayi ndi chigayo chimodzi cha mudzi wonse

Amayi anga anakhosomola miyezi isanu yathunthu. Chifuwa chake chouma, chopanda makhololo, amangoti pakhosi pakuyabwa ngati pakakamira kankhusu ka chimanga, akamwa madzi kamaleka pang'ono kenako kuyambiranso. Usiku ndiye osanena, mlongo wanga amene amakhala nawo amandiimbira foni kuti achimwene kuno sitikugona, ndipo ku Mvano anasiya kuyambitsa nyimbo chifukwa akangokweza mawu basi chayamba, iwo amene zaka zonsezi ndi amene amayambitsa.

Mukudziwa kale mmene zimakhalira kwathu kuno munthu akakhosomola kupitirira masabata awiri. Ganizo loyamba la aliyense ndi TB, ndipo sikulakwa kuganiza choncho, ndi mmene tinaphunzitsidwira ndipo zapulumutsa anthu ambiri. Anapita kuchipatala, anawapatsa kabotolo ka makhololo, kuvutika kuti atulutse poti chifuwacho chinali chouma, zotsatira zinabwera kuti mulibe. Patapita mwezi anayezanso, mulibe. Anajambula pachifuwa, mapapo oyera bwinobwino. Magazi anayezetsa, ali bwino. Koma anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kunong'onezana, wina mpaka anasiya kutuma mwana wake kudzapala moto, ndipo zimenezi zinawapweteka amayi kuposa chifuwacho. Pakati ponsepa anamwa amoxicillin, anamwa bactrim, anafukiza bulugamu atafunda bulangete mmene tinkachitira nthawi ya Covid ija, mandimu, jinja, uchi umene azakhali anatumiza mu botolo la Sobo, zonse.

Nde chochititsa manyazi ndi ichi. Ine ndimagwira ntchito mu famase. Enalapril, mankhwala a BP, ndimapereka tsiku ndi tsiku, ndipo miyezi ina kuchipatala kwawo akasowa ndine amene ndimagula nkutumiza pa minibasi. Ndi manja anga ndimawatumizira chinthu chimene chimawakhosomoletsa, kwinaku pa foni ndikuwauza kuti amayi pitani akakuyezeninso. Ndinadzazindikira nditapita kumudzi kumapeto kwa mwezi wina, titakhala pakhonde ndinangoti tandipatsani buku lanu lakuchipatala ndione, kutsegula mmbuyo mmbuyo ndikupeza tsiku limene anawawonjezera enalapril pamwamba pa HCTZ, mapilitsi ena a BP amene amamwa kale, chifukwa BP imakana kutsika. Ndinafunsa kuti amayi, chifuwachi chinayamba liti kwenikweni? Iwo anati itangotha maliro a agogo ako aja. Kuwerengetsa, panali masabata atatu okha kuchokera tsiku la mapilitsi atsopano. Ndinangokhala chete kaye, chifukwa izi tinaphunzira chaka chachiwiri ndipo zinabwera pa mayeso ndipo ndinakhoza.

Ndiloleni ndifotokoze chimene chimachitika, chifukwa ndaona kuti ambiri timangoti side effect ngati ndi tsoka chabe logwa kumwamba, chonsecho pali chifukwa chake chomveka bwino.

M'thupi muli ma enzyme, timapuloteni timene ntchito yake ndi kudula, kulumikiza kapena kusintha zinthu zina. Chinthu chimene enzyme imagwirapo ntchito amachitcha substrate. Ku sekondale pa Biology anatiphunzitsa za loko ndi kiyi, kuti enzyme iliyonse ili ndi substrate yake imodzi basi, ndipo ambirife tinazisunga choncho m'mutu. Ena alidi otero. Koma ambiri, makamaka amene mankhwala athu amalimbana nawo, ali ngati chigayo chimodzi cha mudzi wonse. Mayi wabwera ndi mphale, wina ndi chimanga cha mgaiwa, wina soya wa phala la mwana, wina chimera. Chigayo sichifunsa, chimangogaya. Tsono tinene kuti amfumu atopa ndi anthu ophika mowa ndipo aganiza zothana nawo potseka chigayo kuti chimera chisagayidwe. Mowa uchepadi. Koma madzulo ake mzere wa matumba a mphale wafika kumsewu, ndipo mwana wa soya uja wagona ndi njala, iwo sanalakwe kanthu.

Enalapril amatseka enzyme yotchedwa ACE, imene imapezeka yambiri m'mitsempha ya magazi ya m'mapapo. Ntchito yake imene timaifuna kuletsa ndi iyi: m'magazi mumayenda kapuloteni kotchedwa angiotensin I, kali ngati chingwe cha mikanda 10, ndipo kameneka sikachita zambiri. ACE ikadula mikanda iwiri yakumapeto pamatsala angiotensin II wa mikanda 8, ameneyu ndiye amafinya mitsempha nkuuzanso thupi kuti lisunge mchere ndi madzi, BP nkukwera. Mukatseka ACE, angiotensin II achepa, mitsempha imasuka, BP itsika, impso za odwala shuga zitetezeka, mtima wofooka upepukidwa. Mankhwala abwino kwambiri, sindikuwanyoza ayi. Koma ACE yomweyo ili ndi thumba lina pa mzere, bradykinin, ndipo kwa ameneyu ntchito yake ndi kumuphwanya kuti asachuluke. Palinso wina wotchedwa substance P. Chigayo chikatsekedwa awa amaunjikana, ndipo malo amene ACE inali yochuluka ndi omwewo amene amaunjikana kwambiri, m'njira za mpweya, nkumakanda timitsempha timene timayambitsa kukhosomola. Kankhusu ka amayi kaja ndi kameneko. Mabuku amasiyana pa chiwerengero koma kawirikawiri amati pafupifupi munthu mmodzi pa anthu khumi alionse, ndipo azimayi ndi amene zimawagwira kwambiri. Mankhwala a chifuwa sachita kanthu, ma antibiotic ndiye kungowononga.

Chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi, ndipo ndinachiwerenganso usiku womwewo pa foni netiweki ikudukaduka, ndi chakuti chimene ife timachitcha side effect ndi chimene asayansi anayamba kuona, za BP zinabwera pambuyo. Ku Brazil kuli njoka yotchedwa jararaca, yachibale ndi mphiri yathuyi, ikaluma munthu BP imagwa mpaka kukomoka. Mu 1965 Sérgio Ferreira, wasayansi wa komweko, anaonetsa kuti mu ululu wake muli tinthu timene timawonjezera mphamvu ya bradykinin, ndiye kuti timaletsa kuti asaphwanyidwe. Anapita nazo ku London ku labu ya John Vane, ndipo kumeneko ndi kumene anaona kuti tinthu tomweto timaletsanso angiotensin I kusanduka angiotensin II. Nthawi imeneyo enzyme yophwanya bradykinin inali ndi dzina lake, kininase II, ndipo yodula angiotensin inali ndi lakenso, anthu akuyesa kuti ndi zinthu ziwiri, mpaka Ervin Erdös ndi anzake anadzaonetsa kuti ndi chigayo chimodzi chomwecho chimene anthu a mbali ziwiri za mudzi amachitchula mayina osiyana. Kuchokera apo David Cushman ndi Miguel Ondetti a ku kampani ya Squibb anapanga captopril, mankhwala otseka ACE, amene analoledwa ku America mu 1981, enalapril nkudzabwera pambuyo pake kuchokera ku Merck. Ndiye mukaona, chifuwa chija chinalimo kuyambira mu njoka.

Chifuwa nchotopetsa koma sichipha. Bradykinin yemweyo ali ndi mbali ina yoopsa: amapangitsa timitsempha ting'onoting'ono kudontha madzi, ndipo kwa anthu ochepa milomo, lilime kapena kukhosi zimatupa mwadzidzidzi, amati angioedema. Zikhoza kubwera ngakhale munthu atamwa mankhwalawo zaka osaona vuto. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti zimachitika kwambiri kwa anthu akuda kuposa azungu, nde ife tisamazitenge ngati za m'mabuku. Munthu wa enalapril kapena m'bale wake lisinopril akadzuka mlomo utatupa osalumidwa ndi kanthu, makamaka lilime likayamba kulemera kapena mawu kusintha, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti tione mawa, ndipo mankhwala a mtundu umenewo sabwereranso kwa iye.

Pali kampani ina imene inaphunzira zimenezi mowawa. Bristol-Myers Squibb inapanga omapatrilat, mankhwala otseka ma enzyme awiri nthawi imodzi, ACE ndi ina yotchedwa neprilysin. Ganizo linali lanzeru ndithu, chifukwa neprilysin imaphwanya timahomoni tabwino timene mtima umatulutsa tothandiza kuchotsa mchere ndi madzi, ndiye ukaitseka timahomoni tija tichuluka, BP itsika kwambiri. Inatsikadi. Koma neprilysin nayonso ndi chigayo cha aliyense, ndipo limodzi la matumba ake ndi bradykinin yemwe uja. Ndiye kuti ACE itatsekedwa bradykinin amathawirako ku chigayo cha mudzi woyandikana, iwo anakatsekanso chimenecho. Anthu otupa anachuluka kuposa a enalapril, akuda ndiye kwambiri, ndipo mankhwalawo sanaloledwe. Anthu sanalitaye ganizolo, mu 2015 kunabwera sacubitril amene amatseka neprilysin yekha ndipo anamuphatikiza ndi valsartan amene ACE samukhudza. Mpaka pano lamulo lake ndi lakuti munthu akuchoka pa enalapril adikire maola 36 asanayambe amenewa, kuopa kuti zigayo ziwiri zingatsekeke limodzi.

Valsartan ndi m'bale wake losartan (losartan anatuluka mu 1995) njira yawo ndi ina. Chigayo amachisiya chizigaya zonse, bradykinin aziphwanyidwa mwa nthawi zonse, iwo amakadikira pakhomo pamene angiotensin II amakagogoda, pa receptor, nkutseka pamenepo. Nchifukwa chake munthu wokhosomola ndi enalapril akamusinthira ku losartan nthawi zambiri chifuwa chimatha. Vuto lake kwathu kuno ndi kapezekedwe ndi mtengo basi. Njira ina imene anthu akuyesa ndi yoti chigayocho uchitseke theka. ACE ili ndi mbali ziwiri zodulira, amati N domain ndi C domain, ndipo angiotensin amadulidwa makamaka ku C pomwe bradykinin mbali zonse ziwiri zimatha kumuphwanya. Ndiye mutapeza mankhwala otseka C yokha, BP itsika koma N ipitiriza kusesa bradykinin. Ntchito yambiri pa zimenezi yachitikira ku University of Cape Town, gulu la Edward Sturrock, amene pamodzi ndi anzawo a ku Bath ku England anatulutsa chithunzi cha kapangidwe ka ACE mu 2003. Taganizani, captopril anakhala pa msika zaka zoposa makumi awiri anthu asanaone nkomwe maonekedwe a chinthu chimene amatseka.

Tsono pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndimakumana nayo kuntchito, pamene kutseka chigayo cha aliyense kumachitika mwadala. M'chiwindi ndi m'matumbo muli enzyme yotchedwa CYP3A4, imeneyi ndiye chigayo cha pa boma penipeni, gawo lalikulu la mankhwala amene timamwa limadutsa pamenepo kuti liphwanyidwe nkutuluka m'thupi. Ritonavir anabwera mu 1996 ngati ARV payekha, anthu akumwa 600 mg kawiri pa tsiku, nseru ndi kutsegula m'mimba zosaneneka. Koma anaona kuti amatseka CYP3A4 mwamphamvu zedi ngakhale pa mlingo wochepa, ndiye anamusintha ntchito. Lero amangoika 100 mg pambali pa ARV wina wotchedwa atazanavir (ATV), kapena kumuphatikiza ndi winanso, lopinavir, osati kuti iye alimbane ndi kachilombo koma kuti atseke chigayo mnzakeyo asagayidwe msanga, akhalitse m'magazi. Ka r kakang'ono kamene mumakaona pa ATV/r ndi iyeyo. Paxlovid wa Covid uja anagwiritsanso nzeru yomweyi. Kunena zoona ndi kuchenjera kosiririka, kutenga vuto la mankhwala nkulisandutsa ntchito yake.

Koma chigayo chikatsekedwa chatsekedwa kwa onse, sichidziwa kuti ife timafuna atazanavir yekha. Munthu yemweyo akamwa simvastatin wa mafuta m'magazi, simvastatin aunjikana mpaka kuwononga minofu, nchifukwa chake awiriwa saphatikizidwa. Amlodipine wa BP akhoza kukwera mphamvu, miyendo kutupa, chizungulire. Ngakhale ka inhaler ka fluticasone kamene munthu amangopopera, poganiza kuti sikalowa m'thupi, kakhoza kuunjikana mpaka nkhope kufufuma ngati wamwa ma steroid ambiri. Ndipo apa ndi pamene ndimadandaula ndi mmene timachitira, munthu ma ARV amatengera kwina, a BP kwina, ku famase abwera ndi kapepala kamodzi ndipo za ma ARV sanena, mwina manyazi, mwina palibe anamufunsa, mwinanso pa kauntala pali anthu asanu akumvetsera. Chiyambire pamene ambiri omwa ma ARV anasamukira ku dolutegravir mu 2019 nkhaniyi inachepako poti iye sadalira ritonavir, koma amene ali pa ma ARV a gulu lachiwiri, okhala ndi ritonavir, alipo ndithu. Ine masiku ano ndimangofunsa motsitsa mawu kuti pali ena amene mumamwa tsiku lililonse? Osatchula dzina. Ambiri amayankha. Rifampicin wa TB amachita zosemphana, iye m'malo motseka amachulukitsa ma enzyme amenewa mankhwala nkumagayidwa msanga kwambiri, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ngakhale chipatso chimatha kutseka CYP3A4. Manyumwa. Anazitulukira mwangozi ku Canada kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, David Bailey ndi anzake ankafufuza ngati mowa umasokoneza felodipine, mankhwala a BP, ndipo anathira juwisi wa manyumwa pofuna kubisa kukoma kwa mowawo, nkudabwa kuti mankhwala akwera m'magazi kwa onse, omwa mowa ndi osamwa omwe. Nditawauza amayi zimenezi anaseka nkunena kuti chinthu chowawa chija ndani amadya, nde apo sitinadandaule.

Pomwe zinavuta kwambiri ndi ku matenda oiwala a ukalamba, Alzheimer's. Mu ubongo wa odwalawa mumaunjikana kapuloteni kotchedwa amyloid beta, ndipo enzyme imene imadula komaliza kuti kameneka kapangike ndi gamma secretase. Eli Lilly inapanga semagacestat kuti aitseke, kafukufuku wamkulu nkuyamba, koma mu Ogasiti 2010 anamuimitsa chifukwa omwa mankhwalawo amaiwala kwambiri kuposa osamwa ndipo khansa ya pakhungu inachuluka pakati pawo. Gamma secretase imadula mapuloteni ambirimbiri, limodzi mwa iwo ndi Notch amene maselo a khungu, matumbo ndi chitetezo amadalira kuti adziwe chochita. Za Notch ankazidziwa kale asanayambe, anangoyembekezera kuti mlingo ukhoza kupezeka woti amyloid achepe Notch asavulale kwambiri, ndipo sunapezeke. Ine sindiwaseka, chifukwa ndi enalapril mwayi unangokhala kuti thumba lachiwiri pa mzere limabweretsa chifuwa kwa ambiri osati khansa.

Tibwerere kwa amayi. Sindinawauze kuti asiye okha, ndipo inunso musatero mukawerenga izi, BP yosiyidwa ndi imene imagwetsa anthu sitiroko, komanso chifuwa chanu chikhoza kukhaladi TB, kuyezetsa kuja sikunali kulakwa. Lolemba lake ndinawaperekeza. Pa mzere tinakhala kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa pamutu, titalowa ndinapereka buku nkunena mwaulemu kuti adokotala, pepani, mwina tione tsiku limene anayamba enalapril ndi tsiku limene chifuwa chinayamba. Ndimaopa kuti aziona ngati ndabwera kudzawaphunzitsa ntchito. Anatsegula, anayang'ana masamba awiri aja, anagwira pachipumi nkuti aaa, zoonadi. Sindiwaimba mlandu, tsiku limenelo panja panali anthu oposa amene munthu mmodzi angawaone bwinobwino, ndipo amene analemba enalapril, amene anatumiza makhololo ndi amene analemba bactrim anali anthu atatu osiyana, aliyense anaona tsamba lake. Ine amene ndinali ndi mayi mmodzi yekha woti ndimuganizire ndinaphonyanso. Anachotsa enalapril nkuika amlodipine, poti amayi alibe shuga kapena vuto la impso loti nkukakamira mtundu uja.

Sabata yoyamba palibe chinasintha ndipo amayi anayamba kundiyang'ana mokayikira. Ndinawauza kuti zimatenga sabata imodzi mpaka zinayi, ena mpaka miyezi itatu. Sabata yachitatu mlongo wanga anatumiza voice note pa WhatsApp usiku, osalankhula kanthu, kungojambula mdima ndi nkhululu zikulira panja, kenako iye kunong'ona kuti mwamva achimwene, agona.

Mwezi wathawu ndinapitanso. BP ili bwino, akakolo amatupako pang'ono madzulo, zimene amlodipine amachita, ndipo ayambiranso kuyambitsa nyimbo ku Mvano. Mayi uja wayambiranso kutuma mwana kudzapala moto ngati palibe chinachitika. Tili pakhonde pomwe paja kunabwera mnzawo wina akukhosomola, amayi osachedwa analowa m'nyumba nkutuluka ndi botolo la Sobo lija, mwatsala uchi pang'ono pansi, akuti tengani uwu anzanga, ine chifuwa cha miyezi isanu chinatha ndi umenewu. Ndinati amayi, nanga mapilitsi aja tinasintha? Anati eya mwanangu, amenewonso anathandizako. Mnzawoyo atatsanzika ndinamuperekeza mpaka pa msewu nkumufunsa ngati amamwa mankhwala a BP, anati ayi, ndiye ndinamuuza kuti mawa apite akapereke makhololo.